Tinjira ta Njinga M'phiri la Zomba Tilambulidwe

Munthu woima m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe m'mawa amaona njinga za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa njinga zakuda zija, zosenza mulu wa nkhuni wotalika kuposa mwini wake. Mwiniyo saikwera ayi. Amayenda pambali pake ataigwira zolimba, thukuta lili kamukamu, uku akulimbana nayo kuti isamuthawe pa mtsetse. Mtundu wachiwiri ndi wa njinga za matayala onenepa ndi magiya ambiri, zimene eni ake amavala zipewa zolimba nakwera phiri opanda katundu aliyense, cholinga chawo chili kusangalala basi. Njinga zonsezi zimadya phiri limodzi. Koma nkhani yolambula tinjira tapadera ta njinga zamasewerazi m'nkhalango ikangotchulidwa, pali anthu ena, ophunzira bwino ndithu, amene amadzambatuka ndi ukali ngati kuti tayala la njinga ndilo lidameta phiri la Zomba mpala.

Maganizo otere ndi olakwika ndipo ayenera kutsutsidwa poyera. Tinjira timeneti n'tofunika, ndipo kuchedwa kutilambula kukuluza phiri pamodzi ndi anthu okhala m'tsinde mwake.

Masewerawa adayambira ku Marin County m'dera la California ku America m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a kumeneko ankatola njinga zakale zolemera, nazikankha kukwera nazo m'mapiri ozungulira Mount Tamalpais, kenaka n'kutsetsereka nazo mwaliwiro m'misewu yafumbi. Mpikisano wawo woyamba, umene udatchuka ndi dzina loti Repack, udachitika m'chaka cha 1976. Dzinali lidadza chifukwa mabuleki a njingazo ankatentha kwambiri mpaka girizi yense kupsa, kotero kuti pofika kumunsi mwini njinga ankayenera kuthiramo girizi wina. Chaka chotsatira mmodzi wa iwo, Joe Breeze, adapanga njinga yoyenerera ntchito imeneyi, ndipo pofika 1996 masewerawa adalowa m'mipikisano ya Olympics ku Atlanta. Chofunika kuchidziwa pa mbiriyi n'chakuti kumenekonso kudabuka mkangano. Oyenda pansi ndi okwera mahatchi adadandaula, njira zambiri zidatsekedwa, ndipo mu 1988 okwera njinga adakhazikitsa bungwe la International Mountain Bicycling Association kuti aphunzire kukhala bwino ndi anzawo ndiponso kukonza njira zosawononga nthaka. Nzeru zimene adasonkhanitsa m'zaka zonsezi zilipo, zolembedwa, ndipo Malawi sayenera kuyamba ndi kupunthwa pamene ena adapunthwa kale.

Otsutsa amati njinga zidzawononga nkhalango. Funso loyamba kwa iwo ndi ili: nkhalango yake iti? Aliyense amene adaliona phiri la Zomba kale, mitengo ya paini ili ndandanda mpaka kubisa dzuwa, akalikwera lero amagwira pakamwa. Malo ambiri angotsala zitsa ndi udzu. Adachita zimenezi ndani? Ndi moto wa m'chilimwe umene amayatsa osaka mbewa ndi anthu okwiya. Ndi macheka amene amalira usana ndi usiku, nkhwangwa za ootcha makala, ndi malole a matabwa amene amakumba misewu ya m'nkhalango nyengo ya dzinja mpaka kusanduka zigwembe. Ku Chikangawa, kumene boma lidabzala mahekitala oposa 50,000 a paini poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala imene sidamangidwe, nkhalango yaikulu idatha ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa. Njinga zamasewera sizidadulepo mtengo ngakhale umodzi kumeneko. N'zodabwitsa kuti munthu amene adakhala chete malole akutsika ndi matabwa apeze mawu lero chifukwa cha kanjira kosakwana mita imodzi m'lifupi mwake.

Komabe pa mantha awo pali kachoonadi kamene sikayenera kuponderezedwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kanjira kolambulidwa mwaumbuli n'koopsa. Mdani wa njira iliyonse ya m'phiri ndi madzi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo amene akumba kanjira kolunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi wawakumbira madziwo khwawa latsopano. Mvula yoyamba imachotsa dothi lapamwamba, yachiwiri imafukula mizu, ndipo pakutha kwa dzinja limodzi pamene padali kanjira pamakhala chigwembe chobisa mwana. Phiri la Zomba silichita nthabwala pa nkhani ya madzi. Mu Disembala 1946 mvula yoopsa idagwa paphirili, dothi ndi miyala zidatsika, milatho idakokoloka ndipo anthu adafa. A m'deralo amati Napolo adadutsa. Ku Phalombe zotere zidachitika mu 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre. Choncho munthu wofunsa za kukokoloka kwa nthaka sakufunsa zachibwana. Cholakwa chake n'chakuti amaima pa funso, osadikira yankho.

Yankho lake nali. Kanjira kabwino ka njinga sikatsika phiri molunjika, kamalipingasa. Akatswiri a ntchitoyi ali ndi malamulo ochepa, osavuta kumva. Loyamba limati kutsetsereka kwa kanjira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa phiri limene kakupingasa. Ngati phiri likutsika mamita 20 pa mamita 100 alionse, kanjirako kasatsike koposa mamita 10 pa mtunda womwewo, chifukwa kakapitirira apo madzi amasiya kudumpha kanjira nayamba kukatsata. Lina limati kanjira konse, kuyambira poyambira mpaka pothera, katsike pafupifupi mamita 10 okha pa mamita 100, ngakhale kuti malo ena amiyala angathe kutsetsereka koposa. Pokumba, m'pofunika kusema m'mbali mwa phiri mpaka kufika pa dothi lolimba, osati kuunjika dothi lofewa m'mphepete n'kumati imeneyo ndi njira. Pamwamba pa kanjira payenera kupendekera pang'ono chakumunsi kwa phiri kuti madzi a mvula angodutsa mopyapyala ngati pa denga. Ndipo pakapita kamtunda pang'ono, kanjira kotsika kayenera kukwera pang'ono kenaka n'kutsikanso, kuti madzi amene adayamba kukatsata apeze potulukira asadasonkhane ndi kupeza mphamvu. Chosangalatsa n'chakuti timitunda ndi timitsetse timeneti, toikidwa chifukwa cha madzi, ndi tomwenso timakometsa ulendo kwa wokwera njinga. Pamalo a chinyontho amayala miyala yaphanthiphanthi, ndipo pa kamtsinje amamanga kamlatho kuti tayala lisavundule madzi.

Kodi nzeru zimenezi n'zachilendo ku Malawi? Kutalitali. Mlimi aliyense wa m'mapiri a Ntcheu, Dedza kapena Thyolo amene adaphunzira kwa alangizi kuika akalozera, kuunda mizere yopingasa mtsetse ndi kubzala udzu wa vetiva, malamulo amenewa amawadziwa kale m'manja mwake. Amadziwa kuti mzere wolunjika kumunsi umapereka munda kwa mtsinje. Zida zake ndi zomwezo zimene zili kuseri kwa nyumba iliyonse: khasu, piki, fosholo, chikwanje ndi wilibala. Kumaiko olemera amalemba makina okumba chifukwa manja ndi okwera mtengo. Kuno manja alipo ambirimbiri, ndipo akusowa chochita.

Za kuti tayala limawononga kuposa phazi, ofufuza adaziyesa. Kafukufuku amene adachitika m'mapiri a Montana ku America nasindikizidwa mu 1994 adayerekeza oyenda pansi, mahatchi, njinga zamoto ndi njinga zakapalasa, ndipo adapeza kuti mahatchi ndiwo amatakasa dothi lochuluka. Chimene chimaononga kwenikweni ndi malo amene njira yaikidwa ndi mmene yakumbidwira.

Pachifukwa chomwechi, okwera njinga ena nawonso ayenera kudzudzulidwa mosawanyengerera. Kulikonse kumene masewerawa afika kumapezeka anyamata othamanga magazi amene amalowa m'nkhalango ndi makasu popanda chilolezo, nalambula kanjira kolunjika kuphompho chifukwa chofuna liwiro, namakhwekhwereza tayala lakumbuyo pa kona iliyonse. Anthu otere ndiwo amapatsa otsutsa mawu. Safunsa adadya phula. Koma mankhwala ake si kutseka chipata. Zimene zidachitika kumaiko ena zidaonetsa kuti kumene kulibe tinjira tovomerezeka, tinjira tobisika timachuluka, ndipo palibe amene amatisamala. Njinga zamasewera zidafika kale ku Zomba, ku Luwawa m'mapiri a Viphya ndi ku Nyika. Sizibwerera. Chotsala n'kusankha ngati ziziyenda m'tinjira toyezedwa bwino kapena paliponse pamene mwini wake wafuna.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yolemera kuposa yoyamba. Amati awa ndi masewera a anthu okhuta. Njinga imodzi yabwino ingagule ng'ombe zingapo, ndipo mayi amene amatsika m'njira ya Potato Path atasenza mtolo wa nkhuni sadzaikwera mpaka kalekale. Bwanji, iwo amafunsa, dziko losauka livutike ndi zosangalatsa alendo pamene ana ake akugona ndi njala?

Funsoli ndi labwino, koma amene amalifunsa amaiwala kuwerengera. Mtengo wa paini umatenga zaka makumi awiri kapena kuposerapo kuti ukhwime, ndipo umagulitsidwa kamodzi kokha. Ukagwa wagwa. Mtengo womwewo ukaima m'mbali mwa kanjira umagulitsa mthunzi wake sabata iliyonse kwa aliyense wobwera kudzakwera njinga, ndipo pamapeto pake matabwa ake amakhala alipobe. Mlendo wa njinga amagona, amadya, amalemba womuperekeza, amathyola sipoko nafuna wokonza, amagula zipatso zija zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Chawe. Wobwera kudzangoona Emperor's View ndi Chingwe's Hole amatha zonse tsiku limodzi napita. Wa njinga akapeza tinjira tokoma amakhala masiku angapo, ndipo amabweranso ndi anzake.

Izi zidaoneka ku Wales, m'nkhalango ya boma yotchedwa Coed y Brenin, dzina lotanthauza kuti nkhalango ya mfumu. Iyi ndi nkhalango yobzalidwa chifukwa cha matabwa, monga ya ku Zomba, ndipo ili m'dera la mvula yambiri. M'zaka za m'ma 1990 wantchito wina wa bungwe la zankhalango, Dafydd Davis, adayamba kulambula tinjira ta njinga ndi anthu ongodzipereka, akuyala miyala pamalo ofewa kuti tipirire mvula. Malowo adakhala oyamba a mtundu umenewu m'dziko la Britain, alendo adachuluka, ndipo nkhalango zina zidatengera chitsanzo. Kumwera kwa Scotland adakonza malo asanu ndi awiri otere, otchedwa 7stanes, pofuna kudzutsa chuma cha kumidzi pambuyo pa mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto wa mu 2001. Ku Tasmania, chilumba cha dziko la Australia, kamudzi ka Derby kadatsala pang'ono kufa migodi yake itatsekedwa. Tinjira ta njinga titatsegulidwa mu 2015, masitolo ndi nyumba zogona alendo zidatsegulidwanso, ndipo mu 2017 kamudziko kadalandira mpikisano wa okwera njinga ochokera m'maiko ambiri.

Koma walira mvula walira matope. Ku Derby komweko mitengo ya nyumba idakwera, nyumba zambiri zidasanduka zogona alendo, ndipo padabukanso mkangano woopsa pamene odula mitengo adafika pafupi ndi tinjirato. Phunziro lake kwa Zomba n'loti mapu a tinjira ndi mapu a kadulidwe ka mitengo ayenera kujambulidwa pa tebulo limodzi, ntchito isadayambe. Kulambula kanjira chaka chino pamalo pamene macheka adzafika chaka chamawa n'kuthira madzi m'dengu.

Tsono kodi n'zoona kuti mwana wa mmphawi alibe gawo pa masewerawa? Dziko la Rwanda lidayankha kale. Adrien Niyonshuti, amene adapulumuka kuphana koopsa kwa mu 1994 koma abale ake ambiri ataphedwa, adaonekera luso lake pa mpikisano wa njinga wa kumudzi mu 2006. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi adanyamula mbendera ya dziko lake ku Olympics ya ku London mu 2012, napikisana nawo pa njinga za m'mapiri. Malawi ndi dziko la njinga. Mnyamata wa kabaza wa ku Liwonde kapena ku Salima amene amapalasa tsiku lonse atanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga, pa njinga ya giya imodzi, ali ndi miyendo ndi mapapo zimene mwana wa ku Ulaya amazifuna ndi ndalama zambiri. Chimene akusowa ndi njinga yoyenera ndi malo ophunzirira. Amene amati masewerawa ndi a olemera okha, natsekereza tinjira pa chifukwa chimenecho, ndiye amene akuonetsetsa kuti akhaledi a olemera okha, pakuti wolemera akamanidwa ku Zomba amakwera ndege kupita ku Cape Town, pamene wa kabaza amatsala pa siteji.

Apa m'pamene eni malo ogona alendo, mabungwe othandiza ndi Nthambi ya Zankhalango ayenera kumva mawu owawa. Tinjira tolambulidwa ndi alendo, toyendamo alendo, ndalama zake n'kumapita ku likulu osabwerako, sitidzakhalitsa. Mlendo ndi mame. Mwini phiri weniweni ndi munthu amene amaliona m'mawa uliwonse akatsegula chitseko, ndipo munthu ameneyo akaona kuti nkhalango imamupatsa mlonda womuthamangitsa yekha pamene ena imawapatsa chisangalalo, machesi ali nawo m'thumba. Palibe mlonda, ngakhale wa mfuti, amene angalondere phiri lonse mu Okutobala udzu utauma. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola kale kuti boma ligwirizane ndi anthu a m'midzi, kudzera m'makomiti awo, pa kasamalidwe ka nkhalango ndi kagawidwe ka phindu lake. Mu 2020 lamuloli lidakonzedwanso ndipo zilango zidakwera. Zilango n'zofunika, koma chilango chimangouza munthu chimene sayenera kuchita. Sichimuuza kumene chakudya cha madzulo chidzachokere. Wokumba kanjira akhale wa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, alipidwe, ndipo aphunzitsidwe kuyeza mtsetse kuti mawa akhale kapitawo. Wokonza kanjira dzinja likatha akhale yemweyo. Gawo lodziwika la ndalama za pachipata lizitsala ku komiti ya mudzi, lolembedwa pa bolodi poti aliyense awerenge. Ndipo pakhale njinga zingapo zosungidwa za ana a sukulu za m'deralo, anyamata ndi atsikana omwe, kuti Loweruka azikwera osalipira. Munthu amene mwana wake amakwera m'kanjira, iye mwini namadyerapo, akaona utsi sadikira kuitanidwa. Amathyola nthambi yaiwisi n'kuthamanga.

Pali nkhani ina yaing'ono imene okonza mapulani amakonda kuiiwala chifukwa iwo sasenza nkhuni. Mayi wosenza mtolo wautali sangatembenuke msanga, ndipo sangaone chimene chikubwera kumbuyo. Njinga yotsika mwaliwiro ikakumana naye pa kona, wovulala ndi iye. Motero njira zakale za anthu oyenda pansi zisalandidwe. Tinjira totsika mwaliwiro tikhale patokha, toyenda mbali imodzi, ndipo pamene tidutsana ndi njira ya anthu pakhale poonekera patali, kanjira katakhotakhota dala kuti wokwera achepetse liwiro asadafike. Kumaiko ena amaika zizindikiro za mitundu pofuna kusonyeza kuvuta kwa kanjira: chobiriwira kwa ophunzira, chakuda kwa akatswiri. Zimenezi n'zosavuta kutengera, ndipo zingapulumutse mafupa a anthu ambiri, poganizira kuti wothyoka mwendo pamwamba pa phiri ali kutali ndi chipatala.

Malo ena asakhudzidwe n'komwe. Madzi amene mzinda wa Zomba umamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomweli, ndipo dothi lililonse lolowa m'timitsinje todyetsa damulo ndi msonkho kwa aliyense wotsegula mpopi kumunsi. Madambo, magwero a mitsinje ndi timagulu ta mitengo yachilengedwe timene tidapulumuka m'makwawa n'zofunika kuzilambalala patali. Malo oyenera ndi m'minda ya paini ndi m'malo amene adadulidwa kale, kumene kanjira kangathe kulambulidwa pamodzi ndi kubzala mbande m'mbali mwake nyengo yobzala mitengo ikafika mu Disembala.

Sipafunika kuyamba ndi chinthu chachikulu, ngakhalenso kudikira ndalama za maiko akunja ndi misonkhano ya kunyanja. Nthambi ya Zankhalango ipatule malo amodzi okha, kutali ndi magwero a Mulunguzi. Ayezepo kanjira kozungulira ka makilomita asanu, kosavuta, koti mwana wa Fomu 1 angathe kukwera. Kakumbidwe ndi makasu mvula ikangosiya, dothi likadali lofewa, kuti kaume ndi kulimba m'chilimwe chonse. Kenaka mu Epulo wa chaka chotsatira, dzinja lathunthu litadutsapo, otsutsa onse aitanidwe, avale nsapato zolimba, ayende kanjirako kuyambira poyambira mpaka pothera atanyamula tepi yoyezera, ndipo alembe chigwembe chilichonse chimene apeze. Akatha, awolokere pa msewu wa malole a matabwa umene uli pafupi, akayezenso kumeneko.